Little Havana: komboni ya anthu amene anati abwerera kwao posacedwa

Mu Julayi 2025 ndeke ya boma la America inatera ku Eswatini, kwa anansi athu a kumwera, nkutsitsa amuna asanu amene dziko la America linawapitikitsa. Mmodzi mwa iwo anali wa ku Cuba. Akuluakulu a ku Washington anati amunawo anali ndi milandu yaikulu, ndipo ambiri a ife tinamva nkhaniyo pa wailesi nkuiiwala. Koma munthu amene watsatirako mbiri ya anthu a ku Cuba m'dziko la America sakanaiiwala msanga. Kwa zaka zoposa 60, mlendo wocokera ku Cuba ndiye anali kulandiridwa ndi manja awiri kuposa mlendo wina aliyense kumeneko. Tsopano tamuona akutulidwa kuno ku Africa, kumene alibe mbale ngakhale mmodzi.

Mwezi womwewo boma la cigawo ca Florida linatsegula msasa wotsekeramo alendo opanda mapepala pakati pa dambo lalikulu la Everglades, kumene kuli ng'ona ndi udzudzu wosaneneka. Eni ake anaupatsa dzina lakuti Alligator Alcatraz, ndipo pakati pa otsekeredwamo panali a ku Cuba. Msasawo anaumanga m'mbali mwa msewu wochedwa Tamiami Trail. Mukautsata msewu umenewu kulowera kum'mawa, pa mtunda wa makilomita oposa 70 mulowa mu mzinda wa Miami, ndipo pamenepo anthu amaucha Calle Ocho, kutanthauza Msewu wa Nambala 8 m'Cisipanishi. Ndiwo msana wa komboni yochuka ya Little Havana, ndiko kuti Havana wamng'ono. Msewu ndi umodzi: kumutu kwake kuli malo amene othawa kwao anapezera moyo watsopano, kumiyendo anaikako mpanda wa waya. Tiyeni tione m'mene zinafikira pamenepa.

Cuba ndi cilumba cacitali ca nzimbe ndi fodya, makilomita 145 cabe kucokera ku nsonga ya Florida. Pa 1 Januwale 1959 wolamulira wankhanza Fulgencio Batista anathawa, ndipo Fidel Castro ndi ankhondo ake anatenga boma. Oyamba kuwoloka anali anthu a Batista yemwe, ena manja ali ndi magazi. Anatsatira eni minda ikuluikulu, pakuti lamulo la mu Meyi 1959 linaletsa munthu kukhala ndi malo oposa mahekitala 402, ndipo lina la mu 1963 linatsitsa malirewo kufika pa mahekitala 67. Kenaka eni mafakitale ndi masitolo, madokotala, maloya ndi aphunzitsi. Mu 1961 boma linalanda masukulu onse a mipingo, ndipo mu Seputembala caka comweco linakweza ansembe 131 m'sitima yapamadzi yochedwa Covadonga nkuwapitikitsa. Pofika Okutobala 1962 anthu oposa 200,000 anali atacoka. Wocoka anali kusiya nyumba ndi katundu m'manja mwa boma, nkutuluka ndi sutikesi ya zovala.

Ambiri anafikira m'madera awiri akale a Miami, Riverside ndi Shenandoah, kutsidya kwa mtsinje wa Miami. Kumeneko kunali Ayuda ambiri ndi azungu ena amene panthawiyo anali kusamukira ku mayadi atsopano kunja kwa tauni, motero nyumba zinali za lendi yochipa, pafupi ndi mabasi ndi nchito. Mabanja awiri kapena atatu anali kupanikizana m'nyumba imodzi. Zogula nyumba panalibe amene anali kuziganiza. Onse anati ndi za miyezi yowerengeka cabe, Castro agwa, tibwerera. Paja mlendo ndi mame. Mu Epulo 1961 amuna pafupifupi 1,400, ophunzitsidwa ndi bungwe la akazitape la CIA, anakoceza pa gombe la Bay of Pigs kuti akalande dziko. M'masiku atatu anagonja. Oposa 100 anafa, oposa 1,100 anagwidwa, ndipo anaomboledwa mu Disembala 1962 ndi cakudya ndi mankhwala a madola 53 miliyoni. Pa Calle Ocho pali cipilala ca gulu limenelo, Brigade 2506, cokhala ndi moto wosazima. Mame aja sanakamukenso. Ife kuno tili nalo liu la anthu otere, timawacha machona. Kusiyana kwake nkwakuti mchona wathu wa ku Joni kapena ku Wankie anali kucita manyazi kubwera kumudzi cimanjamanja, pamene awa njira yobwerera inali yotsekedwa.

Cimene cinawakweza

Nkhani imene a ku Little Havana amakonda kusimba ndi ya khama, ndipo si yabodza. Inu alimi a fodya mungakondwere ndi ya José Orlando Padrón, mwana wa banja lolima fodya ku Pinar del Río, dera lotulutsa fodya wochuka koposa ku Cuba. Anafika ku Miami alibe kanthu. Mnzake anamupatsa kahamala, iye nkuyamba maganyu a ukalipentala mpaka anasunga madola 600. Ndi ndalama zimenezo, mu 1964 anatsegula kafakitale kopota ndudu zazikulu zija za masamba okhaokha, zopanda pepala, ali ndi wopota mmodzi. Mu 1970 anatsegula fakitale ina ku Estelí m'dziko la Nicaragua, ndipo dzina la Padrón linafika pokhala limodzi la maina olemekezeka pa malonda a fodya padziko lonse. Munda unatsala ku Cuba. Cimene anawoloka naco ndi nzeru yosankha tsamba, kuliumitsa ndi kulisunga mpaka likome. Azimai nawonso, ambiri a iwo osagwirapo nchito yolipidwa ali kwao, anadzaza mafakitale osoka zovala ku Hialeah, ndipo m'nyumba zambiri malipiro ao ndiwo anali kugula cakudya pamene bambo, amene kale anali loya, akutsuka mbale ku hotela.

Koma ife tikana kuti khama lokha ndilo linamanga Little Havana. Mlimi wakhama wopanda mbeu, feteleza ndi msika timadziwa m'mene amathera. Anthu awa anapatsidwa zimene alendo ena sanapatsidwe. Mu 1961 Pulezidenti John Kennedy anakhazikitsa dongosolo lapadera la othawa ku Cuba okha: ndalama za mwezi ndi mwezi, cakudya, cithandizo ca kucipatala, nkhongole za ophunzira m'makoleji, ndi maphunziro obwereza kuti madokotala ndi aphunzitsi alandire ziphaso za ku America. Nyumba yaitali ya Freedom Tower m'tauni ya Miami inali ofesi yowalandirira kuyambira 1962 mpaka 1974. Mu 1963 sukulu ya boma ya Coral Way inayamba kuphunzitsa ana m'Cingerezi ndi m'Cisipanishi pamodzi, cinthu cacilendo m'masukulu a boma masiku amenewo. Kuyambira 1965 mpaka 1973 boma la America linalipirira ndeke ziwiri pa tsiku kucokera ku Varadero, zimene zinabweretsa anthu oposa 250,000.

Koposa zonsezi, mu 1966 kunabwera lamulo lochedwa Cuban Adjustment Act. Linati munthu wa ku Cuba amene walowetsedwa m'dziko ndi cilolezo ca boma, akatha zaka ziwiri, apatsidwe pepala lokhala mpaka kalekale. Pambuyo pake zaka ziwirizo anazicepetsa kukhala caka cimodzi. Tisalipeputse pepala limeneli. Wokhala nalo angatsegule sitolo m'dzina lake, angasumire bwana womubera malipiro osaopa kugwidwa, angagule nyumba, ndipo patapita zaka angakhale nzika nkuyamba kuvota. Kuvotako ndiko kunapatsa a ku Cuba mphamvu. Mu 1985 Miami inasankha meya woyamba wobadwira ku Cuba, Xavier Suarez, ndipo kuyambira pamenepo wofuna upulezidenti wa America aliyense anaphunzira njira ya ku Calle Ocho.

Sicinali cifundo cokha ai. Inali nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, ndipo aliyense wothawa Castro anali mboni yaulere yotsutsa cikominisi. Umboni wake ndi anthu a ku Haiti. Nawonso anali kuthawa ulamuliro wankhanza, wa banja la Duvalier, m'mabwato ofanana ndi pa nyanja yomweyo. Koma Duvalier sanali mdani wa America, ndipo othawawo anali akuda ndi osauka. Anawacha ofuna nchito cabe, ambiri anawatsekera ku msasa wa Krome, ndipo kuyambira 1981 sitima za boma zinayamba kuwagwira pa nyanja nkuwabweza kwao.

Pa mapepalawo a ku Cuba anaonjezapo kukhulupirirana. Katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, Alejandro Portes, iyenso wobadwira ku Havana, analemba za nkhongole zimene mabanki ang'onoang'ono a ku Miami anali kupereka poyang'ana mbiri ya munthu cabe. Ku Republic National Bank, Luis Botifoll ndi anzake anali kubwereketsa ndalama kwa munthu wopanda cikole ciliconse, malinga ngati anali kudziwika kuti ku Cuba anali munthu wobweza. Wosabweza anali kutaya dzina m'komboni yonse, cilango cimene ife a cilimba timacidziwa bwino. Mwai umenewu unali wa gulu loyamba, la anthu odziwana makolo. Obwera pambuyo sanaupeze.

Mpingo nao unalipo kuyambira paciyambi. Mu 1960 kunamveka mphekesera ku Cuba yakuti boma lidzalanda makolo ulamuliro pa ana ao. Wansembe wacinyamata wocokera ku Ireland, Bambo Bryan Walsh, amene anali kuyang'anira nchito zacifundo m'dayosizi ya Miami, anagwirizana ndi boma la America kuti ana azibwera okha popanda makolo. Pakati pa Disembala 1960 ndi Okutobala 1962 ana oposa 14,000 anawoloka motero, m'nchito imene inachedwa Pedro Pan. Ena anafikira kwa acibale, ena anagawidwa m'nyumba za ana amasiye ndi m'mabanja a eni dziko m'zigawo zakutali. Makolo anati kulekanako ndi kwa miyezi. Ambiri anaonana ndi ana ao patapita zaka, ena sanaonanenso. Lamulo lolanda ana lija silinakhazikitsidwe konse, ndipo ana aja, amene tsopano ndi agogo, sagwirizana: ena athokoza, ena afunsabe ngati kunali koyenera.

Parishi ya St. John Bosco inayamba mu 1963, Misa zoyamba zikucitikira m'nyumba yoonetsera mafilimu, kenaka m'galaja yakale ya magalimoto pa msewu wa Flagler, ndipo Bambo Emilio Vallina anaitumikira zaka zoposa 40. Sukulu ya Ajezuwiti ya Belén, kumene Castro yemwe anaphunzira ali mnyamata, italandidwa inasamukira ku Miami nkukhala pa Calle Ocho zaka pafupifupi 20. Koma pamtima pa onse pali Amai Maria a Cikondi, Virgen de la Caridad, nkhoswe ya dziko la Cuba. Monga asimbira, cifanizo cao anacipeza cikuyandama pa nyanja ca m'ma 1612 abale awiri a mtundu wa eni cilumba ndi mnyamata wakuda, kapolo, dzina lake Juan Moreno. Pa 8 Seputembala 1961, tsiku la cikondwerero cao, cifanizo cina ca Amaiwa, cotulutsidwa mobisa ku Havana kudzera m'maofesi a akazembe, cinafika pa bwalo la masewera la Miami anthu zikwizikwi atasonkhana ku Misa. Kacisi wao, Ermita de la Caridad, anamangidwa m'mbali mwa nyanja kunja pang'ono kwa komboni, ndi zopereka za makobili a anthu wamba, nadalitsidwa mu 1973. Wotsogolera anali Bambo Agustín Román, mwana wa mlimi, mmodzi wa ansembe a m'sitima ya Covadonga ija. Iye anakonza kuti anthu azibwera kukacisi potsata maboma 126 a kwao, boma lililonse tsiku lake, kotero kuti munthu anali kukumana ndi a kumudzi kwao, kumva za maliro, za odwala ndi za kumene kwapezeka nchito.

Tisabise kuti pansi pa cikhulupiriro cimeneci pali cinanso. Cuba inalandira akapolo ambiri ocokera ku Africa, ndipo ukapolo unatha mocedwa, mu 1886. Mizimu ya Ayoruba a ku Nigeria inabisala kuseri kwa oyera a Mpingo, m'cipembedzo cochedwa Santería, kotero kuti wina akagwada pamaso pa Amai a Cikondi, mumtima akulankhula ndi Ochún, mzimu wa mitsinje. Kuseri kwa cipilala ca Brigade 2506 kuli mtengo waukulu wa ceiba, wokumbutsa mlambe wathu, umene patsinde pake anthu amasiyapo nthoci, makobili ndi mafupa a nkhuku. Mu 1993 khoti lalikulu la America linagamula kuti mzinda wa Hialeah sungaletse a cipembedzoci kupereka nsembe za ziweto. Makatekisti a kuno sangadabwe nazo kwenikweni.

Wopita ku Calle Ocho amayamba waona tumawindo togulitsira khofi, tonga tuntemba twathu. Khofi wake ndi wakuda bii, wa shuga wambiri, ndipo munthu amagula kapu imodzi pamodzi ndi tumakapu ting'onoting'ono kuti agawane ndi amene waima nao. Pa kabwalo ka Máximo Gómez acikulire amachaya domino tsiku lonse monga a kwathu acitira nsolo pansi pa mtengo, uku akukangana zandale. Lesitilanti ya Versailles, imene Felipe Valls anatsegula mu 1971, ndiyo bwalo la mfumu. Fidel Castro atamwalira pa 25 Novembala 2016, khamu la anthu linasonkhana pamenepo usiku likuimba mapoto ndi ziwaya. Kuyambira 1978 msewuwo umatsekedwa tsiku limodzi m'mwezi wa Malici kuti anthu avine. Ndipo pa msewu womwewo pali manda a Woodlawn, kumene agona apulezidenti awiri akale a Cuba, Gerardo Machado ndi Carlos Prío, pamodzi ndi zikwi za anthu wamba amene anafa akunena kuti caka camawa adzadyera Khrisimasi ku Havana.

Mbali imene alendo sauzidwa

Cisoni cotaya dziko cinabalanso nkhanza. M'zaka za m'ma 1970 mabomba anali kuphulika ku Miami, olunjika kwa aliyense wonena zokambirana ndi Havana. Mu 1976 muulutsi wa pa wailesi, Emilio Milián, amene sanali bwenzi la Castro konse koma anadzudzula ziwawazo, anaduka miyendo yonse iwiri bomba litaphulika m'galimoto yake. Anthu othawa dziko lopanda ufulu wolankhula anali kutseka pakamwa anzao.

Apa nkhaniyi itikhudzanso ife a kumwera kwa Africa. Ife Cuba timaikumbukira madokotala amene anatumikira m'zipatala zathu, ndi asilikali amene anakhala ku Angola kuyambira 1975 mpaka 1991, namenyana ndi ankhondo a boma la tsankho la South Africa ku Cuito Cuanavale mu 1987 ndi 1988. A ku Little Havana amaikumbukira ndende za akaidi andale ndi abale ao oomberedwa. Ngakhale kale mu 1965, pamene Che Guevara anali ndi zigawenga ku Congo m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, oyendetsa ndeke zimene zinali kuphulitsa zigawenga za m'dzikolo anali othawa a ku Cuba olembedwa ndi CIA. Motero Nelson Mandela atafika ku Miami mu Juni 1990, miyezi inai atatuluka m'ndende, mameya asanu a mtundu wa Cuba, kuphatikizapo Suarez, anamudzudzula m'kalata cifukwa cothokoza Castro, ndipo mzinda sunamulandire mwaulemu. Anthu akuda a ku America anakwiya, nanyanyala mahotela ndi misonkhano ya ku Miami kwa zaka zitatu. Mbali zonse ziwiri zinali kunena zoona za Castro, koma palibe imene inafuna kumva coonadi ca inzake.

Mayeso aakulu a komboniyi anadza mu 1980, pamene Castro anatsegula doko la Mariel ndipo anthu 125,000 anawoloka m'miyezi isanu ndi umodzi. Awa sanali madokotala ndi eni minda. Ambiri anali anchito wamba, akuda anali oculukirapo, ndipo boma la Cuba linasakanizamo akaidi ndi odwala misala owerengeka kuti liipitse dzina la onse. Linapambanadi. Eni dziko anaopa, navota kuti Cingerezi cokha cizigwiritsidwa nchito m'maofesi a boma la Dade, lamulo limene linakhalapo mpaka 1993. Comvetsa cisoni ncakuti othawa akale, amene anatumiza mabwato kukatenga abale ao, ambiri anayamba kunena kuti obwera tsopanowa si anthu ngati ife. Komatu mu 1990 katswiri wa zacuma David Card, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anapeza kuti ngakhale ofuna nchito ku Miami anaonjezeka ndi 7 pa 100 alionse, malipiro a eni dziko sanatsike kwenikweni. Ena amatsutsa ziwerengero zake, koma palibe angakane kuti ana a ku Mariel lero ali m'gulu la eni masitolo ndi aphunzitsi a Miami. Ndipo mu 1987, akaidi a ku Mariel atagalukira m'ndende za Oakdale ndi Atlanta pomva kuti abwezedwa ku Cuba, munthu amene anamumvera nkumasula ogwidwa anali Román yemwe uja, panthawiyo ali bishopu.

Kucokera pamenepo khomo linayamba kucepa pang'onopang'ono. Anthu pafupifupi 35,000 atawoloka pa ziphaka za macubu ndi matabwa mu 1994, kunabwera lamulo lakuti wogwidwa pa nyanja abwezedwe, woponda mtunda akhale. Pa 22 Epulo 2000 asilikali a boma anathyola citseko ca nyumba ina ku Little Havana mbandakuca nkutenga Elián González, mwana wa zaka 6 amene mai wake anamira pa ulendo, kuti akamupereke kwa bambo wake. Mu Januwale 2017 Barack Obama anathetsa ngakhale mwai wa woponda mtunda uja.

Zimene zacitika posacedwapa

Pamene khomo linali kucepa, ofuna kulowa anaculuka kuposa kale lonse. Cuma ca Cuba cinagwa. Dziko limene m'zaka za m'ma 1980 linali kupanga shuga wokwana matani pafupifupi 8 miliyoni pa caka, mu 2022 linalephera kufika matani 500,000, cifukwa cosowa mafuta, feteleza, zipangizo za m'zigayo ndi anthu odula nzimbe. Boma la Havana limaloza cala ziletso zamalonda za America, zimene zilipo kuyambira m'ma 1960 ndipo zimapwetekadi. Koma mlimi amene akakamizidwa kugulitsa zokolola zake ku boma pa mtengo woikidwa ndi boma, nkudikira malipiro miyezi, safuna kumuuza cifukwa cina. Pa 11 Julayi 2021 anthu anacita zionetsero m'matauni ambiri ndipo mazana anamangidwa. Mu Novembala caka comweco Nicaragua inalola a ku Cuba kulowa popanda viza, anthu nkuyamba kugulitsa nyumba kuti akwere ndeke, kenaka ulendo wapamtunda mpaka malire a Mexico. M'zaka zitatu, kufika 2024, oposa 800,000 analowa m'America, kuposa a ku Mariel kasanu ndi kamodzi. Mu Okutobala 2024 magetsi anazima cilumba conse kwa masiku.

Apa ndipo pali msampha. Lamulo la 1966 limathandiza munthu amene walowetsedwa ndi cilolezo, cimene m'Cingerezi amati parole. Koma pa malire, cifukwa ca kuculuka kwa anthu, ambiri anangopatsidwa kapepala kena kochedwa I-220A, kongonena kuti wamasulidwa podikira mlandu. Awiri owoloka mtsinje umodzi tsiku limodzi, wina anatuluka ndi parole, wina ndi I-220A, malinga ndi ofesala amene anamupeza. Mu Seputembala 2023 bwalo la apilo la milandu ya alendo linagamula kuti kapepala kameneka si cilolezo, motero anthu zikwi mazanamazana anatsala m'malere, ndipo maloya anapita nayo nkhaniyi ku makhoti apamwamba. Ena pafupifupi 110,000 anabwera pa ndeke mwalamulo kuyambira 2023, atapeza wowaimira ku America. Boma la Donald Trump linathetsa dongosolo limenelo mu 2025, ndipo khoti lalikulu linalola mu Meyi. Mu Juni linacepetsa maviza a anthu a ku Cuba. Ifenso mphepo yomweyo inatiomba mu Ogasiti, pamene a ku Zambia ndi Malawi anauzidwa kupereka cikole cofika madola 15,000 pofuna viza yokaceza.

Cobaya mtima ncakuti amene anacita izi anasankhidwa ndi mavoti a ku Calle Ocho. Kafukufuku wa yunivesite ya Florida International mu 2024 anaonetsa kuti awiri mwa atatu alionse a mtundu wa Cuba ku Miami anali kumbali ya Trump, ndipo boma la Miami-Dade linavotera cipani ca Republican pa upulezidenti koyamba kucokera 1988. Mu Januwale 2025 Marco Rubio, mwana wa makolo ocokera ku Cuba, wobadwira ku Miami, anakhala nduna yoona za maiko akunja. Mu Juni makhansala a mzinda anavomera kuti apolisi ao azithandiza ogwira alendo.

Akale ali ndi zifukwa zao, ndipo tizimve. Amati ife tinathawa osabwereranso, koma awa akalandira pepala, caka camawa ali pa ndeke kupita ku Havana ndi masutikesi, ndipo madola ao ndiwo akucirikiza boma limene amati analithawa. Amatinso pakati pa obwera pali ena amene dzulo anali apolisi ndi oweruza a bomalo. Zina mwa izi nzoona. Koma wonyamula mankhwala ndi mkaka kupita kwa mai wake wokalamba sitingamuche wacinyengo, ndipo m'dziko limene boma ndilo mwini munda, sitolo ndi nyuzipepala, kusiyanitsa wothawa njala ndi wothawa nkhanza kuli ngati kusiyanitsa utsi ndi moto. Mau amene akunenedwa pa obwera tsopanowa ndi omwe aja ananenedwa pa a ku Haiti ndi a ku Mariel.

Komboni yeniyeniyo inasintha kale. A ku Cuba amene anapeza bwino anasamukira ku Hialeah, Westchester ndi Kendall. M'nyumba zao zakale munalowa a ku Nicaragua kuyambira 1979, kenaka a ku Honduras ndi Guatemala, ambiri a lendi, ambiri opanda lamulo lililonse lowaimira. Kum'mawa kwake kuli Brickell, dera la mabanki ndi nyumba zosanja, ndipo omanga akuyang'ana malo a Little Havana ndi maso ofiira. Mu 2015 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika komboniyi pa mndandanda wa malo 11 a mbiri amene ali pangozi, ndipo mu 2017 linaicha cuma ca dziko. Ulemu umenewo unabweretsa mabasi a alendo odzajambula acikulire a domino, lendi nayo nkukwera.

Ena aimako kumbali ya obwera tsopano. María Elvira Salazar, phungu wa Republican wobadwira ku Little Havana komweko, wakhala akupempha boma kuti a I-220A apatsidwe parole. Arkibishopu Thomas Wenski, amene anatumikira a ku Haiti zaka zambiri ali wansembe, anakapemphera korona pa cipata ca msasa wa ku Everglades mu Julayi 2025, ndipo mwezi wotsatira wansembe analoledwa kulowa kukacita Misa. Mu Disembala 2025 ovota a Miami anasankha Eileen Higgins, mai wosakhala wa ku Cuba amene anali kuimira Little Havana ku khonsolo ya boma, kukhala meya, kugonjetsa wobadwira ku Cuba amene Trump anamucirikiza. Koma meya sapereka mapepala. Lamulo la 1966 ndi la nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo cidindo ca parole cili m'manja mwa boma lalikulu, limene lingathe kucipereka kapena kucimana popanda kufunsa aphungu.